Mapepala akutha msanga mu labu ya makompyuta: tiyambire pati?

Woyang'anira Labu

Moni nonse. Ndimagwira ntchito yoyang'anira labu ya makompyuta pa sukulu ina ya ukachenjede kuno kwathu, ndipo ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere chiyambire semesita ino. Mu labu yathu muli makina osindikizira awiri, ndipo ophunzira salipira kanthu akamasindikiza chifukwa akuluakulu anagamula kalekale kuti ndalama ya mapepala ili kale m'kati mwa fizi. Bokosi la mapepala, limene limakhala ndi marimu asanu, kutanthauza mapepala 2,500, likumatha sabata isanafike n'komwe pakati, ndipo ndikapita kukapempha lina kumene amasungira katundu amandiuza kuti gawo lathu la mwezi latha. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mulu umene ndimaupeza madzulo aliwonse pambali pa makinawo. Mumakhala masamba osindikizidwa bwinobwino amene eni ake sanabwere kudzatenga, ena olembedwa mzere umodzi wokha pamwamba, ndipo ena ndi ntchito imodzimodziyo yotuluka katatu kapena kanayi.

Ndalemba kalata yopempha akuluakulu kuti tiyambe kulipiritsa tsamba lililonse, chifukwa ndikuganiza kuti munthu akamatulutsa ndalama m'thumba amayamba waganiza kaye asanadine. Koma ndisanaipereke ndati ndimve maganizo a inu amene mumagwira ntchito ngati yangayi, komanso a ophunzira ndi aphunzitsi amene muli pa gulu lino.

Wophunzira wa Chaka Chachinayi

Bambo, ndikupempha kuti kalatayo muyambe mwaisunga. Amene amasindikiza kwambiri mu labu ndi ife amene tilibe laputopu, chifukwa labu ikatsekedwa madzulo palibenso pena pamene tingawerengere manotsi kupatula pa pepala. Mnzanga amene ali ndi laputopu yake amangokopera zonse pa fulashi n'kukawerengera kuchipinda, ndipo lamulo lolipiritsa silidzamukhudza m'pang'ono pomwe. Ambiri a ife tikudalira ngongole ya boma, ndipo ndalama imeneyo imatha mwezi usanathe pa lendi ndi chakudya. Ena amati tiziwerengera pa foni, koma amene anayesapo kuwerenga mutu wonse wa buku pa kafoni kakang'ono, magetsi atazima, batire ili pafupi kutha, adzandimvetsa.

Za ntchito yotuluka kanayi ija ndikuvomera kuti timachita ndife. Koma sitichita dala. Umadina kuti zisindikizidwe, umapita pa makina, supeza kanthu, umabwerera n'kudinanso, ndipo belu la kalasi likakwana umangochoka. Kenako zonse zija zimadzatuluka nthawi imodzi iwe uli kutali.

Katswiri wa Netiweki

Zimene wafotokoza mlongo wathuyu zili ndi chifukwa chake chodziwika, ndipo ndikukhulupirira kuti gawo lalikulu la mulu wanu likuchokera pamenepo. Achimwene a ku labu, tatsegulani Word pa kompyuta iliyonse ya mu labumo, muone kukula kwa pepala kumene kunaikidwa. Makompyuta ambiri amene timawalandira amabwera atatcheredwa mwa ku America, kumene pepala lawo limatchedwa Letter ndipo ndi la mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali. Ife timagula A4, imene ndi 210 ndi 297. Wophunzira akatumiza ntchito ya Letter, makina ambiri amaima n'kulemba pa kagalasi kawo kuti akufuna pepala la mtundu umenewo, ndipo ntchito zonse za anthu ena zimafola kumbuyo kwake. Munthu wina akadzadina batani lovomereza patapita mphindi makumi awiri, makina amasanza zonse, kuphatikizapo zobwerezedwa zija. Zimachitikanso chimodzimodzi magetsi akazima: ntchito zimatsalira pa mzere mu kompyuta, ndipo akayaka zimatuluka eni ake atapita kale.

Mankhwala ake safuna ndalama. Musinthe dera (Region) la makompyuta onse kuti pepala lokhazikika likhale A4, ndipo pa makina osindikizira penipenipo muyatse gawo limene limalola kuti ntchito ya Letter isindikizidwe pa A4 popanda kufunsa, chifukwa makina ambiri a HP ali nalo. Chachiwiri, mutchere kuti kusindikiza mbali zonse ziwiri za pepala kukhale kokhazikika. Apa pali msampha umene umagwira anthu ambiri. Ngati makina anu amadutsira pa seva ya Windows, kompyuta imene ntchito zonse zimafikirapo zisanapite ku makinawo, musasinthe pa Preferences, chifukwa zimenezo zimagwira kwa inu nokha amene mwalowa pa nthawiyo. Mupite pa Advanced, kenako pa Printing Defaults, ndipo mukasintha pamenepo zimafikira aliyense wolumikizidwa ku makinawo.

Woyang'anira Labu

Ndangoyang'ana makompyuta asanu a mzere wakutsogolo, ndipo anayi mwa iwo alidi pa Letter. Uthenga wa pa kagalasi uja ndakhala ndikuuona tsiku lililonse, ndipo ndimangodina kuti zipitirire osadziwa kuti gwero lake ndi limeneli. Zikomo kwambiri achimwene. Za mbali ziwirizo ndinayesapo chaka chatha, koma aphunzitsi ena anabweza ma asayimenti a ophunzira ponena kuti amafuna olembedwa mbali imodzi, ndiye ophunzirawo anabwera kudzasindikizanso, ndipo mapepala anawonongeka ochuluka kuposa poyamba.

Mphunzitsi wa Masamu

Popeza nkhani yafika kwa ife aphunzitsi, ndiloleni ndiyankhepo, ndipo ndiyankha ngati mmodzi wa amene amafuna ntchito ya pa pepala. Ndimaphunzitsa kalasi ya anthu oposa zana, ndipo pochonga masamu ndimayenera kutsatira njira imene wophunzira wadutsa mzere ndi mzere, kuzunguliza pamene wasochera, ndi kumulembera njira yolondola pambali. Kuchita zimenezi pa kompyuta kumanditengera nthawi yowirikiza, ndipo nthawi zambiri ndimachonga usiku kunyumba kumene magetsi ndi intaneti sizodalirika. Kumbuyo kwa pepala kopanda kanthu kuja ndi kumene ndimalembako ndemanga zazitali. Choncho amene akuganiza kuti timakakamira pepala chifukwa cha kuuma mutu kapena kuopa zipangizo zamakono sakutichitira chilungamo.

Komabe pali china chimene sindingachiteteze. Malamulo akuti ntchito ilembedwe mbali imodzi, mizere italikirane kawiri, ndiponso pakhale tsamba lapachikuto lokhala ndi dzina lokha, tinawapeza ndipo timangowapatsira kwa ophunzira osafunsa chiyambi chake. Anakhazikitsidwa pa nthawi ya mataipi, pamene zilembo zinkadinda mpaka kuonekera kuseri kwa pepala ndipo wokonza zolakwa ankafuna malo olembapo pakati pa mizere. Pa asayimenti ya masamba atatu, tsamba lapachikuto lokha ndi limodzi mwa mapepala anayi aliwonse amene kalasi yatulutsa, pamene dzina ndi nambala ya wophunzira zikanakwana pamwamba pa tsamba loyamba.

Wophunzira wa Chaka Chachinayi

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cholankhula mosabisa. Ndikufuna kuwonjezera za manotsi, chifukwa kwa ife ndi amene amadya mapepala kuposa ma asayimenti. Aphunzitsi ambiri amatipatsa manotsi a PowerPoint, ndipo wophunzira wa chaka choyamba amene sanagwirepo kompyuta ku sekondale amangodina Print, n'kutuluka silaidi imodzi pa pepala lathunthu, mwina yokhala ndi mizere inayi yokha. Tiyerekeze kalasi ya anthu 120 ndi phunziro limodzi la masilaidi 40. Aliyense akasindikiza motero, patuluka mapepala 4,800, amene ndi pafupifupi marimu khumi. Koma masilaidi omwewo akaikidwa asanu ndi imodzi pa tsamba, amakwana pa masamba 7, ndipo akasindikizidwa mbali zonse ziwiri ndi mapepala 4 pa munthu, kutanthauza 480 kalasi yonse, osakwana n'komwe rimu imodzi. Ine ndinadziwa zimenezi ndili chaka chachiwiri, ndipo anandionetsa ndi mnzanga, osati wina aliyense wa pa sukulu.

Pempho langa ndi lakuti mphunzitsi azitipatsa manotsi atawasandutsa kale PDF ya masilaidi angapo pa tsamba, kumbuyo kwake kuli koyera. Masilaidi akuda kapena a buluu amaoneka bwino pa khoma, koma pa pepala amatuluka bii, ndipo wophunzira akalephera kuwawerenga amawataya n'kusindikizanso.

Wogula Katundu

Ine ndimagwira ntchito ku ofesi yogula katundu pa sukulu ina, ndipo ndikufuna kuti mumvetse chifukwa chimene bambo a ku labu akubwezedwera akakapempha bokosi lina. Mapepala osindikizira amene timagwiritsa ntchito sapangidwa m'dziko muno. Mitundu imene mumaiona kawirikawiri pa zikuto za marimu, monga Typek ndi Rotatrim, imachokera ku South Africa, ndipo amene amaiitanitsa amalipira ndi ndalama zakunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi iliyonse mtengo wa rimu unkakwera pamene bajeti ya chaka inali itavomerezedwa kale. Pena wogulitsa amapambana tenda koma amalephera kubweretsa katundu pa nthawi yake chifukwa akudikira ndalama zakunja ku banki.

Ndikuchenjezeninso pa chinthu chimodzi kuti musadzalonjeze akuluakulu zimene sizidzachitika. Kusindikiza mbali ziwiri kumapulumutsa pepala koma sikupulumutsa toner, ufa umene umadinda zilembo, ngakhale pang'ono, chifukwa zilembo zimene zikudindidwa ndi zomwezo. Ndiponso sikudula mapepala ndi theka lenileni, popeza ntchito ya tsamba limodzi imadyabe pepala limodzi, ndipo ya masamba atatu imadya awiri. Chimene chimapulumutsa zonse ziwiri, pepala ndi toner, ndi zimene wanena mwana wathu wa chaka chachinayiyu, komanso kuletsa ntchito zimene palibe adzazitenge kuti zisatuluke n'komwe.

Wophunzira za Nkhalango

Mawu a bambo ogula katundu andikumbutsa za Chikangawa. Nkhalango ya paini ya ku Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inayamba kudzalidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi cholinga choti idzadyetse fakitale yopanga mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe, ndipo mitengo yambiri inathera ku matabwa ndi ku moto. N'chifukwa chake ndikamva anthu akunena kuti tisunge mapepala kuti tipulumutse mitengo yathu ndimaona kuti uthengawo sukulunjika. Pepala la mu labu silinadulitse mtengo wa kuno. Chimene rimu iliyonse yotayidwa imatidyera ndi ndalama zakunja zomwezo zimene tikulimbirana pogula mankhwala, mafuta ndi feteleza. Ngati mudzamata chikalata pa khoma la labu, ndikuona kuti mfundo imeneyi ndi imene ophunzira angaimve msanga, chifukwa mizere ya mafuta aiona ndi maso awo.

Wophunzira ku Britain

Moni kuchokera kuno. Pa yunivesite imene ndikuphunzira, ukadina kuti usindikize palibe chimene chimatuluka. Ntchito yako imakadikira pa seva, ndipo umayenera kupita pa makina alionse a pa sukulu, kugunditsa khadi lako la wophunzira, kuona mndandanda wa zimene unatumiza, n'kusankha zoti zituluke. Ngati unatumiza kanayi umaziona zonse zinayi, n'kufufuta zitatuzo. Zimene sunazitenge zimafufutika zokha pakapita nthawi imene anaika. Chiyambire kufika kuno sindinaonepo mulu wa mapepala opanda mwini pambali pa makina, ndipo sikuti ophunzira a kuno ndi osamala kuposa a kwathu, koma makinawo sapereka mpata woti cholakwa cha pa kompyuta chisanduke pepala. Timalipira ndithu pa tsamba lililonse, ndipo mtengo wa pepala losindikizidwa mbali ziwiri unaikidwa moti munthu aone phindu losankha njira imeneyo.

Katswiri wa Netiweki

Njira imene akufotokoza achemwali a ku Britain ndi yabwino kwambiri, ndipo mapulogalamu ochitira zimenezi alipo. Yodziwika kwambiri m'masukulu ndi PaperCut, yopangidwa ndi kampani ya ku Australia, imene imatha kupatsa wophunzira aliyense gawo lake la masamba, kusunga ntchito mpaka mwini wake afike, ndi kukana ntchito yobwerezedwa. Koma laisensi yake imagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo timakina towerenga makadi timafunanso ndalama zina. Ndisanalangize aliyense kupempha ndalama zimenezo, ndimayamba ndafunsa funso limodzi: kodi ophunzira anu amalowa mu kompyuta ndi akaunti yawoyawo? M'malabu ambiri amene ndayendamo, makompyuta onse amatsegulidwa ndi dzina limodzi la onse, ndipo zikatero n'kovuta kudziwa kuti wasindikiza ndani, ndiye nkhani ya magawo kapena yolipiritsa imavutanso.

Pali njira ya osauka imene ndinaionapo ikugwira ntchito. Mumaimitsa mzere wa ntchito pa seva kuti chilichonse chotumizidwa chizidikira, ndipo mumaika kompyuta imodzi yakale pambali pa makina osindikizira. Wophunzira akafika amaloza ntchito yake, woyang'anira kapena wophunzira wothandizira amaitulutsa, ndipo madzulo zotsala zonse zimafufutidwa. Pa seva ya Linux yokhala ndi CUPS, pulogalamu yoyendetsa makina osindikizira, mukhoza kutchera kuti ntchito iliyonse izigwiridwa mpaka wina ailole, ndipo CUPS ndi yaulere, komanso imasunga kaundula wa masamba amene atuluka. Kuipa kwake n'kwakuti pamafunika munthu pa mpando umenewo, ndipo sabata yopereka ma asayimenti mzere wa anthu umatalika.

Chimene ndikuumirira ndi chakuti muyambe mwawerenga. Makina aliwonse a laser ali ndi tsamba limene limaonetsa chiwerengero cha masamba onse amene asindikizapo, ndipo ambiri amasiyanitsa a mbali imodzi ndi a mbali ziwiri. Lembani chiwerengerocho Lolemba m'mawa ndi Lachisanu madzulo. Mulu wotsala uja muziuyeza pa sikelo, chifukwa pepala limodzi la A4 la mtundu wa magalamu 80 pa sikweya mita limalemera magalamu 5, choncho kilogalamu imodzi ndi mapepala 200. Mukadzapita kwa akuluakulu ndi manambala a masabata awiri adzakumverani mosiyana ndi mmene angamvere dandaulo la pakamwa.

Mayi wa ku Laibulale

Ndawerenga zonse, ndipo ndikudabwa kuti palibe watchula za kafukufuku wa ophunzira omaliza, pamene m'miyezi yomaliza ya chaka ndi amene amadzaza makina. Wophunzira amasindikiza ntchito yonse kupita nayo kwa womuyang'anira, amauzidwa kukonza mutu wachiwiri, ndipo m'malo mosindikiza mutu wokhawo amatulutsanso buku lonse chifukwa manambala a masamba asuntha. Izi zimachitika kangapo asanafike pa makope omaliza obainda, amene m'madipatimenti ambiri amafunika atatu kapena kuposa. Tiyerekeze ntchito ya masamba 90 ya mizere yotalikirana kawiri. Makope atatu a mbali imodzi ndi mapepala 270. Mizere ikatalikirana kamodzi ndi theka ntchito yomweyo imatsika kufika cha m'ma 70, ndipo ikasindikizidwa mbali ziwiri ndi mapepala 35 pa kope, kutanthauza 105 onse atatu. Palibe liwu limodzi la wophunzira limene latayika.

Kunena zoona, makope amene amabwera kwathu ku laibulale ambiri amakhala pa shelefu zaka osatsegulidwa, osati chifukwa ndi opanda phindu, koma chifukwa munthu amene akanawafuna sadziwa kuti alipo. Kope ya PDF yoikidwa m'nkhokwe ya pa intaneti ya sukulu imapezeka ndi aliyense wofufuza mutu umenewo. Tisaiwalenso kuti mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi moto, ndipo zimene zinali pa pepala pokha zinapita. Ife a m'malaibulale tinaphunzirapo kuti kuunjika makope ambiri m'nyumba imodzi si kusunga. Ndingakonde lamulo likanati kope imodzi yobainda ya dipatimenti, ndi PDF ya laibulale.

Mphunzitsi wa Masamu

Mayi, pa nkhani ya kafukufuku ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse, ndipo ndiyamba ndi ophunzira anga amene ndikuwayang'anira chaka chino. Ntchito ya mawu ndikhoza kuiwerenga pa kompyuta ndi kulemba ndemanga mu Word momwemo, ndipo ndidzapempha pepala pa mitu yokhayo imene ili ndi masamu ambiri. Ndiwauzanso kuti akakonza mutu umodzi abweretse mutu womwewo, manambala a masamba asawadetse nkhawa mpaka pa mapeto. Koma kusintha chiwerengero cha makope omaliza kapena katalikidwe ka mizere si mphamvu ya mphunzitsi mmodzi. Zimenezo zinalembedwa m'buku la malamulo a maphunziro, ndipo ziyenera kuyambira ku msonkhano wa dipatimenti mpaka kukafika ku seneti ya sukulu. Wophunzira amene angatsatire malangizo a pa gulu lino lamulo lisanasinthe akhoza kubwezedwa ntchito yake, choncho ndikupempha ana athu kuti afunse kaye owayang'anira.

Kwa bambo a ku labu, kalata yanu ija muisinthe mutu. M'malo mopita kwa a zachuma kukapempha zolipiritsa, ipite kwa akuluakulu a madipatimenti kukapempha kuti alengeze poyera kuti asayimenti yosindikizidwa mbali ziwiri ndi yololedwa. Mukandipatsa kope ndidzaiwerenga ndekha pa msonkhano wathu. Ine amene ndimafuna malo olembapo ndemanga ndidzanena pa asayimenti imeneyo kuti ikhale ya mbali imodzi, koma zisakhale lamulo la maphunziro onse.

Wothandiza Ophunzira Olumala

Ndikupempha kuti pokonza zonsezi musaiwale ophunzira amene saona bwino, kuphatikizapo ambiri mwa abale athu achialubino. Kwa iwo masilaidi asanu ndi imodzi pa tsamba ndi chimodzimodzi kuwamana manotsi, chifukwa amafunika zilembo zikuluzikulu, ndipo pena pepala losindikizidwa mbali ziwiri limawavuta ngati zilembo zakuseri zikuonekera. Wophunzira wotere amadya mapepala ochuluka kuposa anzake pa phunziro lomwelo, ndipo si kuwononga. Ngati mudzaika gawo la masamba pa munthu aliyense, lawo likhale lalikulu kuyambira pachiyambi, asamachite kukagogoda m'maofesi kukafotokoza za maso awo semesita iliyonse. Aphunzitsi nawonso akamapereka PDF yopanikiza ija azisiyanso fayilo yoyambirira kuti amene akufuna kukulitsa athe kutero.

Mwini Fotokope

Ine sindinaphunzire za makompyuta ku sukulu, koma ndakhala ndi shopu yosindikiza ndi kuchita fotokope pafupi ndi geti la koleji kwa zaka zambiri, ndipo pepala lililonse lowonongeka limatuluka m'thumba mwanga. Bwana a ku labu, mukayamba kusindikiza mbali ziwiri mudzaona kuti mapepala akukodwa m'makina kawirikawiri kuposa kale, makamaka nyengo ya mvula. Pepala limamwa chinyezi, ndipo likadutsa pa moto wa makina ulendo woyamba limapindika, ndiye pobwerera kuti lidindidwe kuseri limakakamira. Anthu ambiri amafika pamenepa n'kunena kuti mbali ziwiri sizigwira, pamene vuto ndi kasungidwe. Rimu isatsegulidwe mpaka nthawi yoigwiritsa ntchito, mabokosi asakhale pa simenti koma pa thabwa kapena pa shelefu, ndipo madzulo mapepala otsala m'thireyi abwezedwe m'chikuto chawo. Musanawaike m'makina muziwapukusa m'manja kuti alekane. Timawilo ta labala tokoka mapepala timafunanso kupukutidwa ndi kansalu konyowa pang'ono, ndipo tikasalala timasinthidwa.

Za mulu wanu uja, musayesedwe kuubwezera m'makina kuti musindikize kuseri kwake musanauone pepala ndi pepala. Waya mmodzi wa sitepula akalowa amakanda dramu, kachipangizo kozungulira kodindira zilembo pa pepala, ndipo kuyambira pamenepo tsamba lililonse limatuluka ndi mzere wakuda mpaka mutagula ina. Ine mapepala otero ndimawadula pakati, kuwamanga makumi asanu asanu, n'kuwapereka kwa ophunzira kuti azisovera masamu, ndipo satsala.

Mayi wa ku Laibulale

Maganizo a timabuku tosovera masamu ndi abwino, koma asankhidwe kaye. M'mulu wotero mumapezeka makalata a ngongole, zotsatira za mayeso, ndi mafomu okhala ndi mayina ndi manambala a foni a ophunzira. Tonse tinagulapo mandasi kapena tchipisi cha pa chiwaya chokulungidwa m'pepala la mu ofesi, ndipo tsiku lina ndinapeza kuti pepala limene anandikulungira linali ndi dzina la wophunzira ndi malikisi ake. Zokhala ndi mayina zidulidwe tizidutswa. Zotsalazo zikhoza kupita kwa amene amaumba timabuliketi tophikira, kapena kwa opanga mapepala a pamanja ngati bungwe la PAMET ku Blantyre, limene lakhala likugwiritsa ntchito mapepala otayidwa kwa zaka zambiri.

Woyang'anira Labu

Ndabweranso patapita sabata kudzakuuzani pamene ndafika. Kalata yolipiritsa ija sindinaipereke. Ndalemba ina yopita kwa akuluakulu a madipatimenti monga analangizira aphunzitsi a masamu, ndipo ndaikamo ndime ya ophunzira osaona bwino. Ndinalemba chiwerengero cha pa makina Lolemba ndi Lachisanu, ndipo mulu wa madzulo ndikuuyeza pa sikelo imene ndabwereka ku labu ya sayansi. Makina onse awiri tsopano akulandira ntchito ya Letter osaima, ndipo kwa masiku atatu apitawa sindinapeze ntchito yotuluka kanayi. Mabokosi ndawachotsa pansi. Mwana wathu wa chaka chachinayi, ngati iwe ndi anzako mungapeze ola limodzi Lachitatu masana, ndikufuna muwaonetse a chaka choyamba kaikidwe ka masilaidi ambiri pa tsamba ndi kuona kaye mmene ntchito itulukire asanadine, chifukwa kwa inu amamasuka kufunsa kuposa kwa ine.

Ndatsala ndi mavuto awiri, achimwene a netiweki. Ndikasintha makompyuta kukhala pa A4 zimagwira tsiku limenelo, koma m'mawa ndikawayatsa ndimapeza abwerera pa Letter. Ndiponso pa makina achiwiri malo osankhira mbali ziwiri ndi ofuwa, sakudinika, ngakhale ndikudziwa kuti makinawo amatha kutembenuza pepala chifukwa ndi ofanana ndendende ndi oyamba aja.

Katswiri wa Netiweki

Vuto loyambalo likusonyeza kuti makompyuta anu ali ndi pulogalamu yobwezeretsa zonse mmene zinalili akazimitsidwa, monga Deep Freeze, imene malabu ambiri amaika poteteza ku mavairasi a m'mafulashi. Mufunse amene anaiika akupatseni mawu achinsinsi, muimasule, musinthe dera ndi pepala, mutsegule Word n'kusunga A4 ngati yokhazikika, kenako muitsekenso. Muyambe ndi kompyuta imodzi, muizimitse ndi kuiyatsa kuti mutsimikize, musanayende pa onsewo.

Pa makina achiwiriwo, pitani pa Printer Properties, kenako pa Device Settings, ndipo mupeza mzere wa kachipangizo kotembenuza pepala utalembedwa kuti Not Installed. Musinthe kuti pakhale Installed, ndipo malo ofuwa aja adzayamba kudinika. Mukatero mubwererenso pa Printing Defaults, musankhe kutembenuzira ku mbali yaitali ya pepala, chifukwa mukasankha yaifupi masamba akuseri adzatuluka chadodolido ndipo ophunzira adzawasindikizanso. Lachisanu likubwerali mutitumizire manambala a masabata awiriwo pano kuti tiwaone limodzi kalata isanapite.